Nsomba yophwanya nkhono ndi likodzo la ana athu

Kwathu kuno kumwera kwa nyanja ya Malawi, mnyamata akayamba kukodza magazi, akuluakulu ena sankadabwa n'komwe. Ankangoti wakula, ndi mmene ana a kunyanja amakhalira. Ine ndinakula ndikumva mawu amenewa, ndipo anzanga ambiri amene tinkasambira nawo anadutsa m'vutoli. Panopa ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina ya pulayimale m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi. Azaumoyo akabwera ndi mapiritsi a likodzo otchedwa praziquantel, ndimaonetsetsa kuti mwana aliyense wayamba wadya phala asanamwe, chifukwa mankhwalawa pamimba yopanda kanthu amazunguza mutu. Ana amamwa, magazi amasiya, koma pakangopita miyezi ingapo ena amabweranso ndi dandaulo lomwe lija. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhani ya likodzo timaikamba ngati ya kuchipatala kokha, pomwe mbali yake yaikulu ili pansi pa madzi, pakati pa nkhono, nsomba ndi makoka athu.

Kachilombo ka likodzo sikachoka mwa munthu n'kulowa mwa mnzake mwachindunji. Kamafuna nkhono pakati. Wodwala akakodza m'madzi, mazira amene ali mumkodzo amaswa, ndipo tizilombo totulukamo timasambira kufunafuna nkhono ya mtundu wake. Tikapanda kuipeza msanga, timafa. Tikaipeza, timalowa m'thupi mwake n'kuchulukana, moti pakatha mwezi kapena kuposerapo nkhono imodzi imayamba kulavula tizilombo tambirimbiri tsiku ndi tsiku, makamaka dzuwa likafika paliwombo, nthawi yomweyo imene ana amaweruka kusukulu n'kuthamangira kumadzi. Tizilomboti timaboola khungu la wosamba, wochapa kapena wokoka khoka, timayenda ndi magazi mpaka kukakhazikika m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo. Kumeneko nyongolotsi yaimuna ndi yaikazi zimakhala limodzi zaka zingapo zikuikira mazira, ndipo magazi amene timawaona aja amachokera m'mabala amene mazirawo amasiya poboola chikhodzodzo. Kwa amayi ndi atsikana, mazira ena amatsakamira m'njira ya chiberekero n'kubweretsa zilonda ndi ululu umene ambiri amachita manyazi kuutchula. Ena mpaka amanamiziridwa matenda opatsirana pogonana, ukwati n'kugwedezeka, pomwe mlandu wawo ndi kuchapa zovala kunyanja basi.

Nkhono zodziwika zimene zimasunga likodzo la m'chikhodzodzo kuno zilipo ziwiri. Yoyamba, imene akatswiri amaitcha Bulinus globosus, imakonda madzi odekha: m'madambo, m'zithaphwi, m'timitsinje ndi m'mabango. Inayo, Bulinus nyassanus, imapezeka m'nyanja ya Malawi mokha. Imakhala pamchenga wa magombe otseguka, yodzikwirira pang'ono, moti ukhoza kuiponda osaiona. Chisanafike chaka cha 1985, ofufuza ankaona kuti magombe otseguka a nyanjayi alibe likodzo. Munthu akapewa zithaphwi ndi m'mabango, ankasamba pamchenga woyera wa ku Cape Maclear mtima uli m'malo. Kenaka zinthu zinatembenuka. Alendo odzaona nyanja anayamba kubwerera kwawo ali ndi matendawa, ndipo pofika 2003 kafukufuku wa pamudzi wa Chembe ku Cape Maclear komweko anapeza kuti ana a sukulu oposa 80 mwa 100 alionse anali ndi likodzo.

Nkhonoyo sinabwere kuchokera kwina. Inalipo kale m'nyanjamo. Funso linali lakuti chinasintha n'chiyani kuti ichuluke chotero m'madzi osaya momwe anthu amasambira. Jay Stauffer wa ku yunivesite ya Penn State ku America, amene wakhala zaka zambiri akumira pansi pa nyanjayi kuwerenga nsomba, ndi Henry Madsen, katswiri wa nkhono wa ku Denmark, pamodzi ndi anzawo a konkuno, anayerekeza midzi ingapo ya m'mbali mwa nyanja. Anapeza kuti pamene nsomba zodya nkhono zachepa kwambiri, m'pamene nkhono zachuluka, ndipo m'pamenenso ana odwala likodzo ali ambiri.

Nsomba yaikulu pankhaniyi ndi imene m'mabuku amaitcha Trematocranus placodon. Si nsomba imene munthu angaime kuti aiyang'ane kawiri. Ndi yotuwa mowala, ili ndi madontho akuda atatu m'nthiti, ndipo ikagwa m'khoka imangoponyedwa pamulu wa nsomba zosakaniza zogulitsa pa beseni. Koma ndikaipeza padoko ndimagulako imodzi n'kupita nayo m'kalasi. Timaing'amba mosamala kuyambira pakamwa kutsikira kukhosi, ndipo kumeneko ana amaona zimene sankayembekezera: fupa lolimba la ngodya zitatu, lodzaza ndi mano ofupika, obulungira pamwamba, oyalana ngati mphero. Ndimawauza akhudze ndi chala. Amayamba mwamantha, kenaka aliyense amafuna kukhudza. Tikatsegula matumbo timapeza tizidutswa ta zigoba, tosalala mbali ina, takuthwa mbali ina. Nsombayi imayenda pang'onopang'ono pamwamba pa mchenga, imatola nkhono, kuitumiza kukhosi n'kuiphwanya. Imachita zimenezi tsiku lonse, moyo wake wonse. Ntchito imene boma silingathe kulipira anthu kuti aigwire pagombe lililonse, nsombayi inkaigwira popanda woituma.

Makoka okokera kumtunda atachuluka, ndiponso maso ake atayamba kuchepa kukula, nsombazi zinayamba kutha m'madzi osaya, zazikulu ndi ana omwe. Zotsala zinapezeka kwakuya, kutali ndi pamene ana athu amasewera. Nkhono zinatsala zopanda mdani pamalo enieni pamene mapazi a anthu amaponda. Sindikunena kuti chifukwa chake ndi chimodzi chokhachi. Anthu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja anachuluka, asodzi oyendayenda amabwera kuchokera kutali ena ali kale ndi matendawa, ndipo madoko ambiri alibe zimbudzi, choncho mkodzo umathera m'madzi. Zonsezi zinakumana pamodzi. Koma mazira a likodzo akanagwera m'madzi opanda nkhono zambiri, ochuluka akanangofera pomwepo. Ndipo vutoli silinaime. M'zaka za 2017 ndi 2018 ofufuza anapezanso m'magombe a Mangochi nkhono ina, Biomphalaria pfeifferi, imene imasunga likodzo la m'matumbo, ndipo ana a sukulu ena anapezeka nalo.

Chidziwireni nkhani imeneyi, nsomba iliyonse imene ndaiona pathandala ndimaifunsa mumtima kuti kodi m'madzimo inkagwira ntchito yanji, inkadya chiyani, ndipo ndani ankadalira iyo. Yankho limene linandigwira mtima kuposa onse ndi la kampango.

Ambirife kampango timamudziwa ali wowamba, wopindidwa, wonona, wodula mtengo pamsika. Ochepa amadziwa mmene amalerera ana. Nthawi yoswana ikafika, wamwamuna ndi wamkazi amakonza chisa pansi pa nyanja, kawirikawiri pamene miyala imakumana ndi mchenga. Mazira akaswa, makolo onse awiri amakhala pomwepo milungu yambiri kulondera. Wamkazi amazungulira kunja kuthamangitsa adani, wamwamuna amakhala pafupi ndi ana. Podyetsa, mayi amatulutsa mazira osakhwimitsidwa ndi umuna, ana n'kumadya pansi pa mimba yake. Bambo amapita kukafukula mchenga, amadzaza mkamwa ndi tizilombo ta pansi, n'kubwera kudzatulutsira ana ake kudzera m'mbali mwa mutu momwe nsomba imapumira. Ndikawafotokozera ana a sukulu zimenezi, m'kalasi mumangoti zii, chifukwa ambiri amayesa nsomba imangoikira mazira n'kumapita.

Chisa chotetezedwa chonchi nsomba zina zimachisirira. Kenneth McKaye, amene anafufuza za nsomba ku Cape Maclear, anaona amayi a mitundu ina ya nsomba, kuphatikizapo a mtundu wa utaka ndi a mcheni, akubwera ndi ana awo mkamwa n'kudzawalavulira pachisa cha kampango. Kampango sawathamangitsa. Amawalola kukhala, koma cha kunja kwa gulu, ana ake eni ali pakati. Mdani akabwera kudzakwatula, amayamba wakumana ndi ana a alendowo. Ukangomva zimenezi ungati alendowo apusitsidwa, koma ayi. Mwana wa utaka amene ali pansi pa maso a kampango wamkulu ali pabwino kuposa amene akuyenda yekha pamtetete, ndipo ana a kampango nawonso amapulumuka ochuluka pakakhala alendo. Onse awiri amapindula, ngakhale kuti wina amalipira mtengo wokwera kuposa mnzake.

Pali kambuna kena (mbuna ndi tinsomba tokhala m'miyala), kachikasu ka mizere yakuda, kotchedwa crabro, kamene kamakhala m'mapanga momwe kampango amapumulira. Kameneka kamachotsa nsabwe za m'madzi zimene zimamatirira pakhungu la kampango n'kumamuyamwa magazi. Kampango akakaona ndi mtundu wake wachikasuwo amakalola kuyandikira, iko n'kumatola nsabwezo m'modzim'modzi. Koma nthawi ya mazira kambuna komweko kamasintha mtundu mwachangu, kamada bii, n'kulowa pachisa kudzaba mazira, kenaka n'kubwerera ku mtundu wake wakale. Ndiye pali bombe, mlamba wa m'nyanja. Ofufuza apezapo zisa za kampango zili ndi ana a bombe pafupifupi okhaokha, kampango akuwalondera ndi kuwadyetsa ngati ake. Pachisa chimodzi chokhachi pali kulera, kuthandizana, kuba ndi kunyengana, ndipo mitundu yonseyi moyo wake wamangika pa nsomba ziwiri zimene zagona pamchengapo. Msodzi akakola kampango awiriwo m'matchera nthawi yoswana, iye amawerenga nsomba ziwiri. Koma pofika madzulo ana onse a pachisapo, a kampango ndi a utaka omwe, amakhala atadyedwa.

Nyanjayi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, mazanamazana, ndipo yambiri siipezeka kwina kulikonse. Zimatheka bwanji kukhala pamodzi osamalizana? Yankho lake lili pakamwa. Pamwala umodzi wokutidwa ndi ndere mungapezeke mbuna za mitundu ingapo, koma ina imapala ndere ndi kamwa loyang'ana pansi, ina imapesa ndi mano kutola tizakudya totsakamira mundere, ina imazula tiulusi tataliko. Kaligono amagona cham'mbali pamchenga osagwedezeka, thupi lake la mawangamawanga likuoneka lowola, ndipo kansomba kakayandikira kuti kadyeko nyama yakufa, iye amadzambatuka n'kukameza. Ina imafanana ndi chambo kwambiri moti imalowa m'gulu la chambo osazindikirika, n'kumaluma mamba a kumchira. Ina yabuluu, ya chipumi chotukuka, sikumba yokha, imangotsatira nsomba zofukula mchenga n'kumatola zimene zavunduka. Zinanso zimagunda mayi wonyamula ana mkamwa kuti alavule. Aliyense ali ndi podyera pake, ndipo podyera pa aliyense pali pathupi kapena pantchito ya mnzake.

Kutali ndi gombe, pakati pa nyanja, nkhaniyi imayambira pa mphepo. Nyanjayi ndi yakuya pafupifupi mamita 700 pamalo ozama kwambiri cha kumpoto, koma nsomba zimakhala m'madzi a chapamwamba okha, chifukwa kupitirira mamita 200 kapena 250 madzi alibe mpweya. Zakufa zonse zimamira n'kukawolera pansipo, choncho chonde cha nyanja chimaunjikana kumene zamoyo zambiri sizifika. Mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira, umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto, ndipo kuno kumwera madzi ozizira a pansi amakwera ndi chonde chija. Asodzi amadana nawo mwera, ndipo m'pomveka, chifukwa umagudubuza mabwato ndipo wamiza anthu ambiri. Koma ndi womwewo umene umapangitsa kuti chigawo cha kumwera chikhale cha nsomba zambiri. Chondecho chimameretsa tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, tizomerato timadyedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono, tizilomboto n'kudyedwa ndi usipa ndi utaka. Usipa umadyedwa ndi mcheni, mcheni umagwidwa ndi anthu, ndipo nkhwazi imene ili pachizindikiro cha dziko lathu imadikira pamtengo nsomba iliyonse yoyandikira pamwamba. Mayi wogula usipa wa ndiwo mumsika wa Limbe kapena wa Lilongwe, mtengo umene akulipira unayambira pa mmene mphepo inawombera miyezi ingapo yapitayo.

Nkhungu, tintchentche ta m'nyanja touluka m'gulu ngati utsi, nazo zili m'katimu. Mlendo akaziona koyamba cha ku Nkhata Bay kapena ku Likoma amayesa kuti pakati pa nyanja pali chinthu chikupsa. Koma tisanazione zikuuluka, zimakhala nthawi yaitali m'madzi ngati timphutsi toonekera mkati. Masana timphutsito timatsikira kwakuya kumene mpweya ndi wochepa, kumene nsomba zambiri sizingatitsate, ndipo usiku timakwera kudzadya tizilombo tomwe tija timene usipa umadyanso. Choncho nkhungu ndi usipa zimalimbirana mbale imodzi. Timphutsito timadyedwa ndi ndunduma ndi nkholokolo, ndipo tikasanduka ntchentche n'kuuluka, mbalame, akangaude ndi anthu amapezerapo. Anthu a kumpoto amazikola ndi malichero kapena madengu onyowa, kuziumba timitanda n'kuziphika. Zimene zinayamba ngati chonde cha pansi pa nyanja zimathera m'mbale ya munthu kudzera m'njira ziwiri zosiyana.

Nyanja imalandiranso zochokera kumtunda, ndipo apa m'pamene a kumapiri ndi a m'tauni amalowera m'nkhaniyi, ngakhale ena sanaionepo nyanjayo. Mtsinje wa Lilongwe umayambira ku Dzalanyama n'kukathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja ku Salima. Bua amachokera ku Mchinji, kudutsa m'nkhalango ya Nkhotakota. Mitengo ikadulidwa kuti awotche makala, ndiponso anthu akalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula yoyamba imakokolola dothi lonse, madzi ofiira n'kulowa m'nyanja mtunda wautali. Matopewo akakhazikika pamiyala amakwirira ndere, madzi akada dzuwa silifika pansi, mbuna n'kusowa chakudya. Mpasa, umene umakwera mitsinje nthawi ya mvula kukaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono ya madzi oyera, umapeza malo ake atadzaza matope, ndipo panjira umakumana ndi maukonde otchinga pamathiriro a mtsinje. Bua akadali ndi mpasa makamaka chifukwa gawo lake lina limadutsa m'nkhalango yotetezedwa. Za ntchila achinyamata a lero amangomva kwa agogo awo. M'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanjayi, nayonso yokwera mitsinje poswana, ndipo inachepa mpaka kusowa pamsika.

Chambo chikuyenda njira yomweyo. Chachimuna chimakumba chisa chozungulira pamchenga, chachikazi chimaikira mazira n'kuwatola mkamwa, n'kukhala milungu ingapo chisakudya mpaka ana ataswa. Kenaka chimapita nawo m'madzi osaya, m'maudzu a pansi pa madzi ndi m'mabango, momwe anawo amabisala akukula. Khoka likakokedwa pamalo otere limagumula zisa, limazula udzu, ndipo mayi wogwidwa amalavula ana ake pamchenga. Aliyense amene anaimapo padoko nthawi yotere anaziona timaso tating'ono tija tikuphiriphitha m'dothi. Ku nyanja ya Malombe chambo chinkagwidwa matani zikwizikwi pachaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma patangopita zaka khumi chinatsika kufika pa mazana ochepa, asodzi n'kutembenukira ku kambuzi ndi maukonde a nkacha. Mu 2018 bungwe la padziko lonse loona zoteteza zachilengedwe la IUCN linaika mitundu ya chambo cha m'nyanja yathu m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Tsono malo amene ana a chambo amakulira ndi omwewo amene ana a nsomba zodya nkhono amakulira, ndi omwewonso amene ana athu amasambira. Neti ya udzudzu imene inaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo, ikasokedwa kukhala khoka, imakachotsa m'madzi nsomba imene ikanateteza mwana yemweyo ku likodzo.

Ndinakambapo zimenezi ndi mkulu wina wa padoko lathu, bambo amene anayamba kupalasa bwato ine ndisanabadwe. Anali akusoka ukonde pansi pa mtengo, chingwe atachipana ndi chala chakumwendo. Anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenaka anati: "Aphunzitsi, zimene mukunenazi n'zoona, nkhonozi kale sizinali chonchi pamchenga pano. Koma inu kumapeto kwa mwezi mumalandira. Ineyo ndikasiya kukoka lero, adzukulu angawa adya chiyani madzulo?" Ndinati, "Bambo, funso lanulo ndi lalikulu kuposa langa." Ndipo ndimakhulupiriradi choncho. Ndimakana anthu akamanyoza asodzi kuti ndi osamva kapena osadziwa. Msodzi amadziwa nyanja kuposa tonsefe. Amadziwa mwezi umene kampango amagona pachisa, amadziwa mwala umene pamakhala utaka, amawerenga mphepo poyang'ana mtambo. Chimene chimamukankhira ku khoka la maso ang'onoang'ono ndi njala, ngongole ya mwini zida, ndi kuona kuti akasiya iye mnzake akoka pomwepo mawa. Amaonanso maboti akuluakulu a injini akukoka pafupi ndi gombe kumene saloledwa, n'kumadzifunsa chifukwa chake lamulo limagwira wa bwato yekha.

Komabe kumvetsa njala ya munthu sikusintha mmene nkhono imaswanirana. Ndipo tili ndi umboni kuti anthu a kunyanja akagwirizana, nsomba zimabwerera. Pachilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula chaka ndi chaka kuyambira zaka za m'ma 1950. Nthawi yotseka ikakwana aliyense amachoka pachilumbapo, ndipo potsegula pamakhala mwambo. Malamulo ake anachokera kwa eni dera, amawasunga okha, ndipo asodzi amachoka kutali kukapha utaka kumeneko chifukwa ulipo. Ku Cape Maclear, paki ya Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la United Nations la UNESCO linaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse chifukwa cha nsomba zake. Lamulo limaletsa kusodza pamtunda wa mamita 100 kuchokera pagombe la malo a pakiyo. Amene anamirapo m'madzi a pazilumba za kumeneko amadziwa kuchuluka kwa mbuna pamiyala imene ukonde sufikapo. Boma nalo limatseka usodzi wa makoka kumapeto kwa chaka kuti chambo chiswane, ngakhale kuti kutseka papepala ndi kutseka padoko ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Chimene ndimachiona chikusowa n'chakuti ogwira ntchito za nsomba ndi ogwira ntchito za umoyo amabwera pamudzi masiku osiyana, aliyense ndi uthenga wake. Wa zansomba amakamba za kukula kwa maso a ukonde ndi chindapusa, anthu n'kumamuona ngati wodzawalanda chakudya. Wa zaumoyo amakamba za mapiritsi ndi kuletsa ana kusamba m'nyanja, chinthu chimene mwana wa kunyanja sangachimve m'mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, ndipo mayi alibe kwina kochapira. Palibe amene amauza kholo kuti nsomba ya madontho atatu imene ili mubeseni lake ikukhudzana ndi magazi amene mwana wake akukodza. Ine ndaona kuti makolo akamva zimenezi amatchera khutu mosiyana ndi mmene amamvera nkhani ya chindapusa. Amayi makamaka amafunsa mafunso ambiri, chifukwa ndi iwo amene amaima m'madzi nthawi yaitali ndi mbale ndi zovala, ndiponso ndi iwo amene amaperekeza mwana kuchipatala.

N'chifukwa chake ndapempha a komiti ya padoko lathu, a BVC, kuti pamsonkhano wotsatira aitane mlangizi wa zaumoyo ndi mlangizi wa zansomba tsiku limodzi, pamaso pa amfumu. Ndikukapempha zinthu ziwiri. Choyamba, chigawo cha gombe pamene amayi amachapira ndi pamene ana amasambira chiikidwe malire ndi miyala kapena mitengo, ndipo khoka lisakokedwepo chaka chonse, olo la ndani. Si gombe lonse ayi, asodzi ali ndi kwina kokokera. Chachiwiri, pandalama zimene komiti imatolera kwa asodzi obwera ndi kwa ogula nsomba, gawo lina lipite kukumba zimbudzi ziwiri kumtunda kwa mathandala, china cha abambo china cha amayi, chifukwa usodzi wa usipa ukagwira padoko pamagona anthu ambiri ndipo onsewo alibe kolowera. Ana a sitandade 7 avomera kukaonetsa akuluakulu fupa la kukhosi lija ndi zigoba zophwanyika, ndipo mkulu wosoka ukonde uja wati adzabwera, koma akufuna adzayambe iye kulankhula za maboti a injini.